Solenoid mwasintha, nyali yayakanso: tsatirani waya musanagule china

Funso: Galimoto yanga ya petulo inayatsa nyali ya check engine. Titaiika pa kompyuta inatulutsa nambala ya P2009. Makaniko anasintha solenoid ya pa intake manifold n'kufufuta nambalayo, koma patangopita masiku awiri nyali inayakanso, nambala yake yomweyo. Pachitunda galimoto ikumalemera. Tsopano akuti mwina tisinthe manifold yonse kapena kompyuta ya injini. Ndiyambire pati?

Yankho: Pepani ndi zomwe mwakumana nazo. Choyamba ndikupempheni kuti musagule chilichonse pakadali pano, kaya manifold kaya kompyuta, ndipo solenoid yakale ija musataye, pakuti tiigwiritsa ntchito. P2009 sikutanthauza kuti solenoid, kavavu koyendetsedwa ndi magetsi kaja, yafa. Imatanthauza kuti kompyuta ya injini yayang'ana pa waya wolamulira solenoid ija n'kupeza moto wochepa kuposa womwe imayembekezera. Pakati pa batire ndi kompyuta pali fyuzi, relay (swichi yoyatsidwa ndi magetsi), waya wobweretsa moto, pulagi, koilo ya mkati mwa solenoid, waya wobwerera, ndi pulagi ina ya pa kompyutapo. Chilichonse mwa zimenezi chikalakwika, nambala imatuluka yomweyomweyo. Inu mwasintha chimodzi chokha, ndipo vuto labwerera. Zimenezi zatiphunzitsa kale kanthu: mwina solenoid yakaleyo inalibe mlandu.

Zoti nyali inatenga masiku awiri zisakusokonezeni. Pa mavuto ambiri kompyuta siyatsa nyali ikangoona cholakwika koyamba. Imasunga nambalayo mobisa, n'kudikira kuti ione vuto lomwelo pa ulendo wachiwiri. Choncho n'kutheka kuti galimoto inatuluka m'galaja vuto likadalipo, koma nyali yokha ndi yomwe inachedwa.

Ndifotokoze pang'ono zomwe dongosolo limeneli limachita, chifukwa munthu amayeza bwino chinthu chomwe akuchimvetsa. Manifold ndi mapaipi otengera mpweya ku masilinda. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono imakoka bwino mpweya ukamadutsa njira yaitali komanso yopapatiza. Ikathamanga kwambiri imafuna njira yaifupi, yotakasuka. Paipi imodzi singakhale zonse ziwiri, ndiye opanga magalimoto anaikamo tizitseko tomwe timatseka ndi kutsegula njira malinga ndi liwiro la injini. Pa injini zina tizitsekoto ntchito yake ndi kuzunguza mpweya kuti usakanikirane bwino ndi mafuta. Mayina amasiyana: Ford amati IMRC, Toyota ACIS, BMW DISA, Mazda ali ndi VICS komanso VTCS. Tizitseko tikakanirira mbali imodzi, galimoto imataya mphamvu pa liwiro lomwe limafuna mbali inayo, n'chifukwa chake yanuyo ikulemera pachitunda.

Tizitsekoti timasunthidwa m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya vacuum, mphamvu yokoka yomwe imabwera injini ikamayamwa mpweya: kompyuta imayatsa solenoid, solenoid imatsegulira vacuum, vacuum imakoka kamphira ka mu actuator (kachipangizo kosuntha tizitseko), kamkono n'kutembenuza tizitseko. Njira yachiwiri ndi ya mota yamagetsi yolumikizidwa ku tizitseko mwachindunji. Popeza mwatchula solenoid, yanuyo ndi ya vacuum.

Nambala za gulu limeneli zimagawika bwino mukazidziwa. P2004 ndi P2005 zimanena kuti tizitseko takanirira totsegula, P2006 ndi P2007 kuti takanirira totseka. Zimenezo nthawi zambiri ndi nkhani ya mwaye, paipi ya vacuum yong'ambika kapena kamkono kothyoka. P2008, P2009 ndi P2010 ndi za magetsi a solenoid kapena mota: yoyamba njira yaduka, yachiwiri moto wachepa, yachitatu moto wachuluka. P2014 mpaka P2017 ndi za sensa yomwe imauza kompyuta pomwe tizitseko tili. Mukuona kuti nambala yanu ili m'gulu la magetsi. Manifold yatsopano ya pulasitiki siingakonze waya woduka, ndiye ganizo losintha manifold yonse likhale pambali.

Tsopano mfundo yomwe ambiri amaiphonya. Pa magalimoto ochuluka kompyuta sipatsa solenoid moto. Moto umachokera ku fyuzi ndipo umakhalapo nthawi yonse kiyi akayatsidwa. Chomwe kompyuta imachita ndi kupereka earth, njira yobwerera ku negative ya batire, kudzera pa waya wachiwiri ikafuna kuti solenoid igwire ntchito. Ndiye taganizani: solenoid ikakhala yozima, mavolti 12 amalowa mu koilo n'kutulukira ku waya wachiwiri uja mpaka kukafika pa phini ya kompyuta, pakuti palibe komwe akuthera. Kompyuta imayembekezera kuona mavolti 12 amenewo. Ikaona pafupifupi 0, imalemba kuti moto wachepa. Zingachitike chifukwa moto sukufika n'komwe kuchokera ku fyuzi, kapena koilo yaduka mkati, kapena waya wobwerera waduka, kapena waya womwewo wasupuka n'kukhudza chitsulo cha injini. Magalimoto ena amasiyanitsa waya woduka ndi wochita shoti, woduka amaupatsa P2008. Ena sasiyanitsa bwino, ndiye yezani zonse. Pezaninso chithunzi cha mawaya cha galimoto yanu, chifukwa alipo ena ochepa omwe kompyuta ndiyo imapereka moto, earth n'kukhala yokhazikika.

Musanagwire sipanala, bwererani pa kompyuta yoyezera ija muwerenge nambala zonse, ngakhale zomwe zikuoneka ngati sizikukhudzana. Fyuzi imodzi imatha kudyetsa zinthu zingapo, monga solenoid ya manifold, vavu ya purge (yolowetsa nthunzi ya petulo mu injini) ndi hita ya sensa ya okosijeni. Mukapeza P2009 ili limodzi ndi nambala za zinthu zimenezo, musavutike ndi kuganiza kuti zonse zafera tsiku limodzi. Pitani ku fyuzi ndi relay. Onaninso freeze frame, yomwe ndi chithunzi cha momwe injini inalili nambala ikulembedwa. Ngati inalembedwa injini ili yozizira, kiyi atangoyatsidwa, vuto ndi lokhazikika ndipo mulipeza mosavuta. Ngati inalembedwa injini itatentha, galimoto ikuthamanga, ganizirani waya yemwe amalekana akatenthedwa kapena akagwedezeka.

Batire liyezeni mwachangu. Lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi mavolti 12.6 injini itazima, ndipo injini ikulira muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5 pa magalimoto ambiri. Likakhala lofooka, zoyeza zonse zotsatira zikusokeretsani.

Kenako maso ndi zala. Zulani pulagi ya solenoid muiunike mkati ndi tochi. Maphini akhale owala. Mukaona zobiriwira ngati ndere, ndiye kuti chinyezi chinalowa. Mukaona mafuta a injini, pukutani. Yang'anani ngati phini imodzi yabwerera m'mbuyo kusiyana ndi inzake, chifukwa phini yotero imaoneka ngati yalowa pomwe sikukhudza. Timabowo ta pulagi timatanukanso anthu akamalowetsamo nsonga zonenepa za mita yoyezera magetsi, n'kusiya kugwira molimba. Kokani waya aliyense pang'ono kumbuyo kwa pulagi. Waya wabwino sasuntha. Woduka mkati amatanuka ngati mphira, pakuti chatsala ndi chikopa chake chokha. Malo amenewa, masentimita ochepa kuchokera pa pulagi, ndi pomwe mawaya amakonda kuduka, chifukwa injini imagwedezeka pomwe mtolo wa mawaya uli womangidwa.

Tsopano yatsani kiyi osaliza injini, muyeze moto pa phini yochokera ku fyuzi. Muyenera kupeza mavolti ofanana ndi a batire. Koma apa ndi pomwe mita imanamiza anthu ambiri, ndipo ndikufuna muchedwepo. Mita ya digito imakoka moto wochepetsetsa, chifukwa mkati mwake muli ma ohm pafupifupi 10 miliyoni. Waya ataduka n'kutsala kaulusi kamodzi kokha, kapena atachita dzimbiri polumikizira, mita idzaonetsabe mavolti 12 bwinobwino. Zili ngati mpopi wotsekeka ndi zinyalala: mukautseka madzi amadzaza mpaka kukamwa, koma mukatsegula amangodontha. Solenoid ya ma ohm 30 pa mavolti 12 imafuna 0.4 amp, ndipo waya wodwala sangaipatse. Choncho mukaona mavolti 12, musakhutire. Tengani babu la galimoto la mawati 21, lomwe limakoka pafupifupi 1.75 amp, mulilumikize pakati pa phini ya moto ndi earth yabwino. Liyenera kuwala kwambiri. Likamayaka mofiira kapena osayaka, vuto lili pakati pa fyuzi ndi pulagi. Babu likuyaka choncho, yezaninso mavolti pa phiniyo. Akatsika ndi volti yathunthu kapena kuposa poyerekeza ndi a batire, pali pena pomwe moto ukutsamwa. Chenjezo langa ndi lakuti babu limenelo likhudze phini ya ku fyuzi yokha. Musaliike pa waya wopita ku kompyuta, mungaotche transistor ya mkatimo.

Fyuzi musaiweruze ndi maso. Iyezeni mbali zonse ziwiri kiyi ali woyatsa. Ngati yapsa, musangoika ina n'kunyamuka, ndipo musaike yaikulu kuposa yolembedwa. Fyuzi imapsa pa chifukwa.

Bweretsani solenoid yakale ija. Ikani mita pa ma ohm muyeze pakati pa maphini ake awiri, kenako muyeze yatsopano. Ambiri mwa ma solenoid a vacuum amakhala ndi ma ohm makumi angapo, kawirikawiri pakati pa 20 ndi 40, koma nambala yeniyeni mutenge m'buku la galimoto yanu. Zonse ziwiri zikafanana ndipo zili m'malire, mwatsimikiza kuti yakaleyo inali yamoyo. Mita ikaonetsa OL, koilo ndi yoduka. Ikaonetsa ma ohm 2 kapena 3, koilo yachita shoti mkati. Yezaninso kuchokera pa phini kupita ku chitsulo cha solenoid ngati ili nacho, pasakhale kulumikizana. Yatsopano musaikhulupirire chifukwa chongoti yachokera m'bokosi. Ngati ma ohm ake akusiyana kwambiri ndi a m'buku, kompyuta ikhoza kuikana ngakhale ikulira bwino. Muthanso kuipatsa mavolti 12 ili m'manja, kudzera pa waya wokhala ndi fyuzi yake, mumve ikuti tcha, n'kupemerera mpweya muone ngati ukusintha njira. Koilo ina imaduka ikatentha yokha, ndiye ngati freeze frame inaloza ku injini yotentha, yezani kachiwiri injini itangozimitsidwa kumene.

Moto ukakhala kuti ukufika mwamphamvu ndipo koilo ili bwino, watsala ndi waya wobwerera ku kompyuta, ndipo mwa zonse zomwe mwandiuza, ine ndikukayikira ameneyu kapena pulagi. Bwezerani pulagi pamalo pake. Lowetsani kasingano kowonda kumbuyo kwa pulagi, motsatira waya, mpaka kakhudze phini. Musaboole chikopa cha waya, bowo limenelo limadzalowetsa madzi n'kuyambitsa vuto latsopano pakapita miyezi. Kiyi ali woyatsa, solenoid ili yozima, muyenera kuona mavolti a batire. Ngati makina anu owerengera nambala aja amatha kulamula zipangizo, lamulani solenoid iyake. Mavolti agwe pansi pa 1 ndipo mumve kulira kwake. Ngati makinawo alibe luso limenelo, lizani injini, wina aponde mafuta mpaka liwiro lomwe buku likunena kuti solenoid imasintha, inu mukuyang'ana mita. Dziwani kuti magalimoto ena amayatsa solenoid injini ikangolira n'kuizimitsa pa liwiro lalikulu, ndipo ena amasiya kuilamula nambala ikalembedwa, ndiye fufutani kaye nambala musanayese.

Zotsatira zake zimalankhula momveka. Mukapeza pafupifupi 0 nthawi zonse pomwe mbali ya fyuzi ili ndi moto, ndipo solenoid ikulira mukangolowetsa pulagi, waya wachita shoti ku earth, kapena kompyuta yakanirira kupereka earth. Mukapeza mavolti 12 osasintha ngakhale mwalamula, waya waduka pakati pa solenoid ndi kompyuta, kapena kompyuta sikupereka earth. Kuti musiyanitse, bwerezani kuyezako pa phini ya kompyuta penipeni. Pa solenoid pali 12 koma pa kompyuta pali 0? Waya waduka pakati, ndipo ndi zomwezo zomwe kompyuta yakhala ikudandaula.

Kutsimikiza kwake n'kosavuta. Zimitsani kiyi, chotsani waya wa negative pa batire, zulani pulagi ya kompyuta ndi ya solenoid. Yezani ma ohm kuchokera kumapeto kwina kwa waya kufika kwina, asafike 1. Kenako yezani kuchokera pa waya kupita ku chitsulo cha galimoto. Mita ionetse OL. Nambala iliyonse ikaoneka pamenepo, waya akukhudza pena pake. Mita ili chilumikizire, gwedezani mtolo wa mawaya pang'onopang'ono, chikhatho ndi chikhatho, makamaka pomwe ukupinda, pomwe wamangidwa ndi kachitsulo, ndi pomwe wadutsa pafupi ndi zotentha.

Ndikukumbukira galimoto ina yomwe inabwera itasinthidwa solenoid kawiri. Ikaima zonse zinkayezeka bwino. Nambala inkabwera pokhapokha poyenda. Ndinasiya mita pa waya wobwerera, n'kupempha mnzanga kuti aponde buleki, alowetse giya, aponde mafuta pang'ono. Injini itangopendekera pa mamawunti ake, mita inagwa kuchoka pa 12 kufika pa 0 ndipo solenoid inalira yokha. Titakweza mtolo wa mawaya kumbuyo kwa manifold tinapeza kuti kapulasitiki kougwira kanathyoka kalekale, mtolo n'kugonera pa ngodya ya bulaketi. Tepi inali itadyeka, ndipo pa waya panali kabala kakang'ono ngati kadontho ka cholembera, mkuwa ukunyezimira. Pa bulaketipo panali podetsedwa pang'ono pomwe moto unkathethekera. Tinadula pamenepo, kulumikiza bwino, kuvundikira ndi heat shrink (kachubu kofinyika kakatenthedwa), n'kumanganso mtolo patali ndi chitsulocho. Solenoid yomwe inabwerera pa galimotoyo ndi yoyamba ija, mwini wake anali ataisunga.

Pokonza waya, musangopota nsonga ziwiri n'kukulunga tepi. Pa injini pamatentha ndipo pamagwedezeka, tepi imamasuka. Gwiritsani ntchito cholumikizira chopanikiza bwino kapena wotcherani ndi solder, waya akhale wonenepa ngati wakale. Ngati vuto lili pa pulagi, alipo mapulagi ogulitsidwa ndi timawaya take, sinthani yonse.

Kompyuta imabwera pamapeto penipeni. Muiweruze pokhapokha moto ukufika mwamphamvu, koilo ili bwino, waya ndi wathunthu komanso sakukhudza pena, mavolti 12 akufika pa phini yake, moto ndi earth za kompyutayo zayezedwa n'kupezeka zabwino, komabe ikulephera kugwetsa mavolti kapena ikuwagwetsa osalamulidwa. Earth yake muiyeze injini ikulira, pakati pa phini ya earth ndi negative ya batire. Kusiyana kusapitirire pafupifupi 0.1 volti. Ndipo ngati kompyuta yapsadi, funsani chomwe chinaiotcha. Kawirikawiri ndi koilo yochita shoti kapena waya wobwerera yemwe anakhudzana ndi waya wa moto. Mukaika kompyuta ina musanachotse chimenecho, nayonso ipsa. Kumbukiraninso kuti pa magalimoto ambiri kompyuta ina imafunika kuilumikiza ndi immobiliser, chipangizo chozindikira kiyi poteteza galimoto kwa akuba, isanalize injini. Alipo amisiri omwe amasintha transistor yokhayo, ndiye funsani kaye za zimenezo.

Kwa ena owerenga omwe galimoto zawo zili ndi mota m'malo mwa solenoid, kaganizidwe ndi komweko koma pali zosiyana. Pulagi imatha kukhala ndi maphini 5, awiri a mota ndi atatu a sensa: mavolti 5, earth ndi siginolo. Siginoloyo nthawi zambiri imayenda pakati pa 0.5 ndi 4.5 volti, ndipo iyenera kukwera mosadumpha tizitseko tikamasuntha. Mavolti 5 amenewo amagawidwa ku masensa angapo, ndiye sensa imodzi ikachita shoti imagwetsa anzake. Mota yotere musaipatse moto wa batire mwachisawawa, magiya ake ndi apulasitiki ndipo ina ili ndi zamagetsi mkati. P2015 yomwe imadziwika pa injini za 2.0 TDI za Volkswagen ndi Audi nthawi zambiri si ya waya ayi, koma kamkono kamapitirira malire ake chifukwa cha kudyeka, sensa n'kunena nambala yomwe kompyuta siikuyembekezera.

Magetsi akakonzeka, onetsetsani kuti tizitseko tikusunthadi, chifukwa galimoto yomwe yakhala nthawi solenoid isakugwira ikhoza kukhala ndi vuto lachiwiri lobisika. Kokani actuator ndi kapampu ka vacuum ka pamanja. Kamkono kayende mpaka kumapeto ndipo kakhale pomwepo osabwerera mpaka mutamasula. Kakabwerera kokha, kamphira kabooka. Kakalimba, mkati muli mwaye wochokera ku EGR (vavu yobwezera utsi wina mu injini) ndi nthunzi ya mafuta. Yang'anani mapaipi a vacuum kunsonga kwake komwe amang'ambikira, komanso kavavu kolola mpweya mbali imodzi ngati kalipo. Onaninso kuti mapaipi awiri a pa solenoid sanasinthanitsidwe tsiku lomwe inasinthidwa, zimachitika kawirikawiri. Mukamva kugogoda mkati mwa manifold kapena shafiti ya tizitseko ikugwedera, musachedwe nazo. Pa injini zina, monga za dizilo za BMW za M47 ndi M57, tizitseko tinkathyoka n'kumezedwa ndi injini. Pamenepo pokha ndi pomwe nkhani yosintha manifold ili ndi malo.

Ponena za kuyendetsa pakadali pano, galimoto ya P2009 nthawi zambiri imayenda, imangolemera ndi kudya mafuta ochulukirapo. Koma ngati fyuzi ikupsa mobwereza kapena mwapeza waya wosupuka, iimikeni mpaka mutakonza, pakuti fyuzi yomweyo ikhoza kukhala ikudyetsa zinthu zina zofunika. Nyali yoyaka nthawi zonse imabisanso vuto lina latsopano likabwera.

Mukamaliza, fufutani nambala, yendetsani galimoto mpaka itenthe bwino, muikweze chitunda chomwe inkalemera chija ndipo injini ifike pa liwiro lomwe tizitseko timasintha. Zimitsani, lizaninso, yendaninso kachiwiri. Kenako muiike pa kompyuta yoyezera muyang'ane nambala zodikira zija, zomwe zimatchedwa pending, osangodalira nyali. Zikakhala kuti palibe pa maulendo awiriwo, ndipo mavolti a pa waya wobwerera akugwa ndi kukwera momwe kompyuta ikulamulira ngakhale mukugwedeza mtolo wa mawaya, vutolo latha.